Dayinamo ya Njinga pa Miyendo ya Achimwene

Inu owerenga, musanapite patali dziwani kuti amene akukulemberaniyu si munthu wamba. Ndine munthu woyamba m'dera lonse la Milange, kuchokera ku Molumbo mpaka kumtsinje wa Ruo, kugwedeza mwendo wa munthu wothyoka msana pogwiritsa ntchito magetsi. Ndinachita zimenezi nkhondo ili mkati, popanda chipatala, popanda mkanjo woyera, ndili ndi nsapato imodzi yokha yooneka bwino. Mboni zilipo, zina zikadali moyo. Koma mukazifunsa bwino mbonizo zikuuzaninso kuti mwendowo unagwedezekadi, mwini wake sanayendenso, ndipo panatsala pang'ono kuti ndimuike m'manda. Munthuyo ndi achimwene anga a Ernesto, obadwa nawo bere limodzi. Ndikuvomera mlandu, ngakhale sindikuuvomera wonse.

Za maphunziro anga ndinene poyera. Ndinapita ku Quelimane kukaphunzira unamwino, kosi ya zaka ziwiri, ndipo ine ndinaimaliza m'miyezi isanu ndi iwiri. Pamayeso oyamba ndinakomoka nditaona magazi. Pamayeso achiwiri ndinakomoka nditaona mafunso. Aphunzitsi anaona kuti palibe chifukwa chondichedwetsera, nandilola kupita kwathu. Ndinafika kumudzi, kudera la Mongue, ndi kope limodzi ndi dzina loti "dotolo", limene anthu ankalitchula akuyang'ana kumbali.

M'kopemo munali phunziro limodzi limene linandilowa mumtima. Tsiku lina mphunzitsi anabwera ndi mwendo wa chule wakufa, naugunditsa nyambo ziwiri za batire, mwendo uja n'kuponda ngati wamoyo. Anatiuza kuti kumayiko akutali madokotala akuyesa zofananazo pa anthu amene anafa miyendo chifukwa chovulala msana, koma zikadali zoyesa chabe. Ine ndinalemba kuti, "Magetsi amadzutsa miyendo yakufa." Mawu oti zoyesa chabe aja sindinawalembe, belu linali litalira.

Achimwene anali amtengatenga pamalire. Ankanyamula matumba pamutu kapena panjinga yawo kuchoka kumsika wa Milange kupita ku Muloza, pobwera n'kutenga sopo, shuga ndi mchere. Msana umene unanditumiza ine kusukulu unali womwewo. Nditabwerako wolephera sananditukwane. Anangondifunsa ngati ndadya.

Chaka chimene nkhondo inafika povuta kwathu, anyamata a m'tchire anawagwira panjira ndi kuwasenzetsa katundu wolanda. Achimwene anawasenzetsa makina osokera. Powoloka kamtsinje kena pamlatho wa mtengo umodzi anaterereka, nagwa chagada pamwala, makina aja ali pachifuwa. Owagwirawo anatola makina awo, anaona kuti sanaphwanyike, napitirira. Amayi ena otola nkhuni ndi amene anawapeza achimwene mawa lake. Kuyambira m'chiuno kupita kumunsi sankamva kanthu. Unkatha kuwatsina chala cha kuphazi iwo akukufunsa za nyengo.

Akazi awo, alamu anga a Rosina, ndi Alomwe a ku Molumbo, munthu wosalankhulalankhula. Akakwiya amasiya Chinyanja n'kuyamba Chilomwe, kuti umve theka lokha, theka linalo uziliganizira wekha. Iwowa anali atakonza kale zonse. Mudzi unali kutha, mabanja ankanyamuka limodzilimodzi kuthawira ku Malawi. Chinali chilimwe, Ruo anali m'maondo. Amuna anayi apamudzi anavomera kunyamula achimwene pamachila mpaka kutsidya, komwe kunali chipatala cha mishoni. Anati tinyamuke nawo Loweruka, mvula ikayamba mtsinje sukambirana ndi munthu.

Apa ndi pomwe dotolo anaimirira. Ndinayankhula nthawi yaitali, ndikusakaniza Chipwitikizi pamene Chinyanja chinkandithera nzeru. Ndinati msana wothyoka sugwedezedwa, zimene zinali zoona pang'ono. Ndinawerenganso mzere uja wa m'kope. Achimwene anamvetsera ali gone, kenako anandifunsa funso limodzi.

"Kutsidyako akandiyendetsa?"

Ndinawauza zoona, kuti ayi, mwina akangowapatsa mpando.

"Nanga iwe?"

"Mundipatse masabata asanu ndi limodzi, achimwene."

Inu owerenga, bodza langa lonse linali limenelo. Sindinanene kuti adzayenda. Ndinangopempha masabata, koma munthu wogona pamphasa akamva masabata amamva miyendo. Loweruka amuna anayi aja anabwera ndi machila, achimwene anawabweza mwaulemu. Alamu anayankhula Chilomwe mpaka dzuwa kupendeka.

Chipatala changa ndinachimanga motere. Dayinamo ya nyale ya njinga ndinaigula kwa bambo wina amene ankathawa, ndinamupatsa nkhuku. Koyilo yokwezera mphamvu ya magetsi ndinakaichotsa m'lole yopsa imene inali pambali pa msewu. Njinga ya achimwene ndinaigadamitsa, matayala m'mwamba, dayinamo itatsamira tayala la kumbuyo. Nyambo ziwiri zinkachoka pamenepo kudutsa m'koyilo, kumapeto kwake ndinakulungako tinsanza tonyika m'madzi a mchere. Amene anaiona nkhondo ija akudziwa kuti mchere unali chiyani masiku amenewo. Tinkadya chigwada chozizira ngati udzu, mchere ukupita kumiyendo ya achimwene. Pomaliza ndinazula chitseko cha nyumba n'kuchisandutsa bedi la wodwala, poti msana umafuna pouma ndi powongoka.

Monga wa sayansi aliyense woona, ndinayamba ndadziyesa ndekha. Ndinagwira nyambo zija ndi dzanja limodzi, linalo n'kuzunguza pedulo kamodzi. Ndinaona agogo athu onse a mbali ziwiri, ena amene sindinawadziwepo. Ndinalemba m'kope kuti makina ali bwino.

Vuto linali wopalasa. Ine ndinkayenera kugwira nyambo, alamu anakaniratu kukhudza chinthucho, ndipo mwana wawo Julieta anali wa kumsana. Ndiye tinakokera njinga ija pafupi ndi chitseko, achimwene n'kumazunguza pedulo ndi manja awo ali chigonere. Tsiku loyambalo ndinaika kansanza kamodzi pantchafu, kena pakatumba, ndipo iwo anapukusa. Mwendo wa kumanja unadumpha n'kumenya ndowa imene inali kumapazi. Ndowayo inagubuduka mpaka pabwalo.

Sindidzaiwala nkhope yawo. Anaseka, misozi ikuyenderera kulowa m'makutu. Anati ndibwereze, ndinabwereza, mwendo unadumphanso. Ine pamenepo ndinali nditayamba kale kuganiza za malaya amene ndidzavale pojambulitsa. Alamu anatola ndowa yawo, naimirira pakhomo lopanda chitseko lija, nafunsa amuna awo ngati amva kanthu. Achimwene anati amva pang'ono, ngati nyerere. Alamu anawapempha kuti asiye kupukusa n'kuugwedeza okha mwendowo. Mwendo unangoti zii.

"Mwendowu ukumvera njinga, alamu," anatero kwa ine. "Sukumvera mwini wake."

Ndinawayankha kuti Chipwitikizi chili ndi mawu abwino oti pasiyensiya, kutanthauza kudekha, ndipo awaphunzire.

Kenako ndinakhazikitsa malamulo. Magetsi kawiri patsiku, m'mawa ndi masana. Wodwala azigona chagada nthawi zonse, osatembenuzidwa, kuti mafupa agwirane. Ndinang'amba chitenje chakale n'kuwamanga nacho m'chiuno pachitsekopo. Powasamalira alamu ankaloledwa kuwatukula pang'ono chabe. Iwo anadandaula kuti ngakhale mphale yoyanika pamphasa amaitembenuza, nanji munthu. Ndinawafunsa ngati anafikako ku Quelimane. Sanafikeko, choncho nkhani inathera pompo.

Masabata anayenda. Miyendo inkadumpha mokhulupirika, tsiku ndi tsiku, ndipo ndinkayeza kutalika kwa kudumphako ndi chikhatho. Pamene pankakhala tinsanza paja panayamba timatuza, kenako tizilonda. Ndinalengeza kuti chimenecho ndi chizindikiro choti magazi akudzuka. Achimwene ankapukusa pedulo mopitirira muyeso umene ndinawaikira, ngakhale nyambo zitachotsedwa, ati kuti manja asazolowere ulesi. Mapewa awo anakula, mikono inauma ngati mipini, pamene miyendo inkaonda. Mfuti zikamveka chakumsewu ine ndi alamu tinkanyamula chitseko ndi munthu wake kukabisala munzimbe, zikatha n'kubwerera kuchipatala. Pofika sabata lachisanu m'mudzi munatsala ife ndi nkhalamba ziwiri zimene zinati zidzafera pamanda a ana awo.

Mvula yoyamba inagwa. Patapita masiku atatu achimwene anayamba kutentha thupi ndi kukana chakudya. M'nyumba munali kafungo kamene ndinati ndi ka khoswe wofera kudenga. Ndinafufuza khosweyo mwakhama, inu owerenga, mpaka kusasula udzu.

M'mawa wina ndinapita kukakumba chinangwa m'munda wa anthu othawa. Pobwera ndinapeza nsanza zomangira zija zili pansi, zitadulidwa ndi mpeni. Alamu anali atawatembenuza achimwene chafufumimba. Sanakweze mawu, ndipo anayankhula Chinyanja choyera kuti ndimve chonse.

"Bwerani, a dotolo, mudzawerenge apa. Izi sizili m'kope mwanu."

Pansi pa msana, pamene thupi linkakanikiza thabwa, panali chilonda chachikulu ngati chikhatho changa, chakuda m'mbali, chokumbika mpaka kuoneka choyera mkati. Chidendene cha kumanzere chinali chimodzimodzi. Ine amene ndinakomoka pamayeso, tsiku limenelo sindinakomoke, ngakhale ndinkafunitsitsa. Achimwene anali atayang'ana kukhoma. Sankachiona chilondacho ndipo sankachimva. Anatifunsa chimene tikuyang'ana, kenako anati ngati tatha tiwasendezere njinga, nthawi ya magetsi yakwana.

Ndinagwada pafupi ndi mutu wawo n'kuwafunsa za nyerere zija, ngati ankazimvadi.

"Sindinamvepo kanthu, mphwanga. Kungoti unali utalephera kale kamodzi. Sindinafune kuti ulephere kawiri."

Taganizani. Masabata onse aja ine ndinkati ndikusamala wodwala, chikhalirecho wodwala ndi amene ankasamala ine.

Tsopano panafunika kuwoloka, koma amuna anayi aja anali atapita kalekale ndi machila awo. Tinatembenuza njinga kuti iime pamatayala ake monga anaipangira mwini wake. Chitseko tinachimanga motalika kuchoka pamahandulo mpaka pakaliyala, achimwene atagona chafufumimba pamwamba pake. Ine ndinkagwira kutsogolo, alamu kumbuyo, Julieta ali kumsana. Tinkaponda pokhapokha pamene panali mapazi a anthu ena, chifukwa nthaka ya masiku amenewo inkaphulika. Ulendo umene achimwene ankayenda theka la tsiku ndi thumba pamutu unatitengera masiku awiri. Alamu sanandiyankhule chilankhulo chilichonse.

Tinafika pa Ruo dzuwa lili pamutu. Mtsinje uja wa m'maondo unali utafika m'chifuwa, wofiira, ukukokolola mitengo. Padoko limenelo anthu a kandonga, amene ankazembetsa malonda osadzera pachipata, anali atamanga chingwe kuchoka pamtengo wa tsidya lino kufika wa tsidya linalo. Koma anthu awiri sangasenze chitseko ndi munthu wamkulu m'madzi otero, kwinaku atagwiranso chingwe. Ndinayamba kufotokoza kuti mwina tidikire masiku angapo madzi aphwe. Achimwene, thupi lili moto, anandidula.

"Wadikiritsa kokwana. Ikani chitsekochi pamadzi, mundipatse chingwecho."

Tinamasula chitseko panjinga n'kuchiyandamitsa. Iwo anagwira chingwe ndi manja awiri. Ine ndi alamu tinagwira chitseko mbali ino ndi inayo kuti chisapendeke, Julieta atamangidwa m'mapewa mwa amayi ake. Ndiye achimwene anayamba kukoka, dzanja ili kenako ili, monga momwe ankapukusira pedulo. Pakatikati madzi anandichotsa mapazi pansi ndipo ndinangolendewera kuchitseko. Kunena zoona ndinali katundu wowonjezera. Mikono ija inatikoka tonse anayi mpaka tinagunda matope a ku Malawi. Njinga ndinaibwerera ndekha, ndipo ndinamwa madzi okwanira mlimi mwezi wathunthu.

Kuchipatala cha mishoni sisitere wina wachikulire anayang'ana chilonda chija nafunsa amene ankasamala wodwalayu. Ndinati ndine, ndipo ndinawonjezera kuti ndinaphunzirako pang'ono unamwino. Sindikudziwa chimene chinandiyankhulitsa. Anandifunsa ngati kusukulu kwathuko sanatiphunzitse kuti munthu wosamva thupi amatembenuzidwa maola awiri aliwonse. Ndinati mwina zimenezo zinali za chaka chachiwiri. Anapempha kope langa, limene linali litanyowa koma lowerengeka, natsegula masamba pang'onopang'ono. Anazipeza. Zinali patsamba loyang'anizana ndi la chule lija, zolembedwa ndi dzanja langa, zodulidwa mzere kunsi. Alamu anali atalakwa pa chinthu chimodzi chokha: zinalimo m'kope.

Dokotala anandifotokozera mawa lake, mofatsa kuposa mmene ndinkayenerera. Anati mawu ochoka m'mutu kupita kumiyendo amadutsa mumtsempha waukulu wa mumsana ngati anthu pamlatho, ndipo mlatho wa achimwene unaduka. Ine ndinali kutsidya kumakankha miyendo, n'kumati mlatho wamangika. Anavomera kuti kunja kuli anzake amene akuyesa magetsi, koma amayeza mphamvu yake, amayang'anira khungu, amauza wodwala poyera kuti ndi zoyesa, ndipo ngakhale iwowo anali asanayendetse munthu. Achimwene anagona m'chipatalamo miyezi isanu chafufumimba. Anawadula mnofu wowola kangapo, ndipo chidendene chija chinatsala theka. Sisitere uja anati tikanachedwa sabata imodzi tikanabwera kudzapempha bokosi.

Pali anthu amene mpaka lero amati kulakwa kwanga kunali kupatsa achimwene chiyembekezo. Amati ndikanawauza kuti alandire zimene zawagwera, agone, adikire tsiku lawo. Amenewo ndimawakanira, ndipo ndidzawakanira mpaka kumanda. Munthu amene ankasenza matumba awiri pamutu sungamuuze kuti ntchito yake yatsala kuyang'ana denga. Pa zimenezo sindipepesa kwa wina aliyense. Chimene ndimapepesa n'chakuti ndinatenga chiyembekezocho n'kuchimangirira pachitseko, ndi kubweza amuna anayi mtsinje uli m'maondo.

Achimwene nawonso sanagonje. Atatuluka m'chipatala, tili kumsasa wa othawa nkhondo, anaphwasula njinga ija. Anapeza tayala lachitatu, nakweza mapedulo kufika pachifuwa, natalikitsa tcheni, napanga njinga yopalasa ndi manja. Sanandifunse nzeru ngakhale kamodzi, ndipo inayenda bwino. Nkhondo itatha anabwerera ku Milange akudzipalasa okha, nadutsa pachipata ngati munthu wamkulu. Lero amakonza njinga pamsika wa pamalire. Dayinamo ija ili panjinga yawo, ikuchita ntchito imene inabadwira, yoyatsa nyale. Ndikamadutsa amakuwa kuti "Dotolo!" msika wonse n'kutembenuka. Alamu anayambanso kundiyankhula Chinyanja patapita zaka ziwiri, ndipo mawu awo oyamba anali ondituma kukagula mchere.

Posachedwapa ndinamva pawailesi kuti kunja kuja tsopano akuika tizipangizo ta magetsi mumsana mwenimweni, ndipo ena mwa oyesedwawo ayamba kuimirira. Ndinathamangira kumsika kukawauza achimwene kuti sayansi yandipeza m'mbuyo. Anamvetsera akupopa tayala la munthu. Anati zimenezo ndi zabwino, ndipo ngati zidzafike kuno iwo akadali moyo adzakhala oyamba pamzere, bola wogwira nyambo asadzakhale ine. Kenako anati, "Ukawalembera kalata anzakowo, uwauze kuti azitembenuza odwala awo."

Ndiye inu owerenga, ngati muli ndi m'bale amene anafa miyendo, musalole munthu akuuzeni kuti zonse zatha. Sizinathe. Koma wina akabwera ndi njira yatsopano, kaya ndi makina, jakisoni kapena mafuta a m'botolo lopanda dzina, mufunseni kuti anaiyesa pa anthu angati ndipo anthuwo ali kuti lero. Akayamba kuyankha m'chilankhulo china, mugwireni dzanja mumuperekeze. Musasiye chithandizo chodziwika, ngakhale chikhale chosasangalatsa ngati kutembenuza munthu ndi kumupukuta, chifukwa chofuna chozizwitsa. Mwendo kudumpha si kuchira. Wodwala akati akumva nyerere mufunseni kawiri, mwina akungokusungirani ulemu. Ndipo pakakhala kusagwirizana pakati pa amene ali ndi kope ndi amene amasambitsa wodwalayo, mverani wosambitsayo. Koposa zonse yang'anani kumsana. Ine masabata asanu ndi limodzi ndinkayang'ana kumene kunkadumpha, imfa ikulowera kumene sindinkayang'ana.

Mungafunse kuti ntchito yaikulu ya sayansi imeneyi inadya zingati. Achimwene analipira ndi mnofu wa kumsana, theka la chidendene ndi miyezi isanu yoyang'ana pansi. Alamu analipira ndi mchere wawo wonse ndi chitseko cha nyumba, chimene chinatsala m'matope a Ruo. Ine, mwini nzeru, inanditengera nkhuku imodzi ija, imene pamsika wa Muloza ikanagulidwa makwacha atatu. Inali itasiyanso kuikira.